Ndinachotsa Manambala Aang'ono M'sokosi la Chanda

Loweruka lapitali ndinapha munthu.

Khalani pansi, amalume, musathamangire kupolisi. Munthuyo anali wa papepala. Koma mwini wake ndi wamoyo, ndipo mmene anandiyang'anira tsiku limenelo, mpaka lero chakudya chikundivuta kumeza. Osati kuti chakudyacho chilipo chambiri.

Amene mumawerenga danga lino mlungu ndi mlungu mukundidziwa. Ndine Tisa wa ku komboni ya Chawama, wa giredi 11, yemwe uja analemba kuti "Ikugulitsidwa" kumbuyo kwa njinga ya ahedi, anthu n'kumawatsatira mpaka kumsika akufunsa mtengo. Sindinapepese. Leronso amene mwabwera kudzamva kupepesa, mwangotha nsapato pachabe.

Poyamba ndifotokozere amene simudziwa geimu yathu, chifukwa ena mwa inu mukationa titazungulira tebulo mumati ndi juga, ena mumati tikuitana mizimu. Si juga, si mizimu. Ndi nthano yochita kusewera. Mmodzi amakhala mwini nkhani. Iye ndiye amapanga dziko, mapiri ake, mafumu ake, zilombo zake. Enafe aliyense ali ndi munthu wake wolembedwa papepala: dzina, zida, ndi timizere ta moyo. Timizereto tikatha, munthu wako wafa. Mwini nkhani amati, "Mwafika pamtsinje, mlatho wathyoka, muchita bwanji?" Iwe umanena zimene munthu wako achite. Chinthucho chikakhala chovuta, mwayi ndiwo umaweruza.

Ana a kumayadi mwayiwo amauponya ndi dayisi ya mbali makumi awiri. Ife tinangoiona pafoni. Kuno ku komboni tili ndi sokosi. Sokosi lalitali la mpira, lakale, ndipo mkati mwake muli zitsekerero za mabotolo, chilichonse cholembedwa nambala ndi penti yofiira ya zikhadabo, kuyambira 1 mpaka 20. Umapisa dzanja osayang'ana, kutulutsa chimodzi, kuwerenga, kubweza, kukhutchumula. Nambala ikakhala yaikulu, zakuyendera. Ikakhala yaing'ono, lira.

Timasewera kuseri kwa nyumba ya kwa Chanda, pa chitseko chakale chogonekedwa pa zidebe ziwiri, Loweruka masana malaiti akapita. Kutanthauza kuti Loweruka lililonse, basi. Tilipo anayi, ndipo aliyense amabwera patebulopo ndi njala yakeyake.

Mapalo amafuna ndewu. Munthu wake ndi woponya mivi, ndipo tikangoyamba kukambirana ndi mfumu ya m'nkhanimo, mtsikanayu amayasamula mpaka kuoneka kum'mero. "Nimulase chabe?" Ndilo funso lake pa chilichonse, kaya ndi chilombo, kaya ndi nkhalamba yogulitsa uchi.

Ine munthu wanga ndi Kanyimbi, mbala. Za golide ndilibe nazo ntchito. Ndimafuna kuba buluku la mfumu pa tsiku la ukwati wake. Kwa ine geimu imene sinandiseketse mpaka kugwa pampando ndi homuweki.

Chanda, mwini nkhani wathu, amafuna choona. Makolo ake anachokera ku Kopala, dera la migodi, ndipo nkhope yake ili ngati ya mlonda wa pageti amene wauzidwa kuti bwana sakufuna alendo. M'dziko la Chanda muli njala. Ukayenda masiku atatu wopanda kamba, amakudulira kamzere ka moyo. Muuni umatha. Chitsime chimaphwa. Tsiku lina tinafika m'mudzi wina titatopa, iye n'kutiuza kuti ogulitsa abisa chimanga, akudikira kuti chikwere mtengo.

Ndinamenya tebulo. "Iwe Chanda, kunyumba kulibe unga wa nsima, na mu geimu kulibe unga? Manje tithabile kuti?"

Iye osaseka n'komwe: "Geimu yamene siungaluze ni ya bana."

Mkangano umenewu si wathu wokha. Lowani m'magulu a pafoni a anthu okonda masewerawa, mukapeza akukokana tsiku lonse. Ena amati mwini nkhani azibera pang'ono mobisa kuti anthu asamafe, chifukwa tabwera kudzasangalala. Ena amati ukabera kamodzi waononga zonse, chifukwa kupambana kongopatsidwa sikukoma. Chanda ali mbali yachiwiriyo ndi miyendo yonse. Lamulo lake ndi limodzi: chatuluka m'sokosi, chatuluka.

Wachinayi ndi Masauso. Salankhula zambiri. Munthu wake ndi Dzimbiri, wosula zitsulo, ndipo Dzimbiri safuna chuma, safuna ufumu, safuna ngakhale mkazi. Amafuna kwawo. Tsiku loyamba, zaka ziwiri zapitazo, Masauso analemba pansi pa pepala lake kuti nyumba ya Dzimbiri inalandidwa ndi Chipsereza, ching'anzi chachikulu ngati minibasi, cha moto kukhosi, chimene chinakonda kutentha kwa ng'anjo yake n'kugona pomwepo. Kuyambira pamenepo Dzimbiri wakhala ali pa ulendo wobwerera. Chanda wamudutsitsa m'mitsinje, m'ndende, m'chipululu. Masauso osadandaula. Ankangofunsa Loweruka lililonse tikamatseka, "Yasala mitunda ingati?"

Tsono mverani za kunja kwa tebulo.

Atate ake a Masauso ankagwira ntchito kufakitale ina ku Indasitiriyo, yopanga mabeseni a pulasitiki. Makina opanda malaiti ndi zitsulo chabe. Anayamba kuwadula masiku. Kenako anapachika pepala la maina pageti, ndipo dzina lawo linalipo. Anayesa pisiweki, anayesa kugulitsa malasha a pambaula, anayesa kukankha wilibala kumsika, koma konseko anapeza anzawo a kufakitale komweko atafika kale. Mwezi watha anagamula: banja lonse libwerera kumudzi, ku Katete. Masauso anabadwira m'Chawama muno. Kumudziko anapitako kawiri, konse kumaliro.

Lole ya wachibale inali yonyamuka Lamlungu m'mawa. Ndiye Loweruka lija linali lomaliza. Dzimbiri alowe m'nyumba mwake tsiku limenelo, apo ayi sadzalowamonso.

Chanda anadumpha nkhalango yathunthu imene anaikonza kwa mwezi wonse, kuti tifike pakhomopo nthawi isanathe. Koma anatichenjezeratu Lachinayi kusukulu. "Nizakufikisani pa chiseko. Mukati muzazionela mweka. Ine chifundo nilibe."

Apa m'pamene manja anga anayamba kuyabwa.

Lachisanu nditaweruka ndinadutsa kuseri kwa bala ina n'kutola zitsekerero makumi awiri. Ndinabwereka penti ya zikhadabo ya mkulu wanga, kubwereka kuja kosauza mwini wake. Kulemba ngati Chanda sikovuta. 7 wake amamudula pakati, 1 wake ali ndi chipewa. Ndinalemba 17 kasanu, 18 kasanu, 19 kasanu, 20 kasanu. Ndinaziyanika padenga la chimbudzi, kenako n'kuzikwecha pasimenti kuti zioneke zakale. Ntchito yaukhondo. Aphunzitsi a zojambula akanaiona akanagwetsa misozi.

Loweruka ndinafika msanga. Chanda anali pamzere wa madzi kumpope, ndipo mzere wa madzi wa masiku ano mukuudziwa. Sokosi linali pamsomali pake. Ndinakhuthula zakale, kuthira zanga. Zakalezo ndinakaziponya m'ngalande ya kuseri kwa msika, ija ya madzi akuda, chifukwa mbala yosunga umboni ndi mbala yaulesi.

Musandiveke mapiko a mngelo. Theka la mtima wanga linkafuna kuti Masauso akwere lole ali wopambana. Theka linalo linkangofuna kuona nkhope ya Chanda pamene chilombo chake cha zaka ziwiri chikugwa ngati nkhuku ya chitopa. Theka lachiwirili linali lokulirapo.

Tinakhala pansi. Chanda anayala mapu ake, ojambulidwa kumbuyo kwa kalendala yakale, n'kuikapo mabatani atatu oimira anthu athu ndi mwala woimira Chipsereza. Anatsitsa mawu.

"Mwafika. Nyumba ili pa chulu, denga yakuda na utsi. Chiseko chili pululu. Mukati muli chinthu chamene chipuma. Kanyimbi, uchita bwanji?"

"Niyenda pang'ono pang'ono nikaone ngati chagona."

Ndinapisa dzanja, nkhope yanga ili ngati ya mwana wa kwaya. 18.

"Chagona," anatero Chanda.

Mapalo anakwera padenga: 19. Anaponya muvi kudzera pachibowo cha utsi: 17, muvi m'diso. Anaimirira n'kuvina kuzungulira tebulo. Chanda anayang'ana sokosi, anayang'ana Mapalo.

Kenako inali nthawi ya Masauso. Anati Dzimbiri aima pakhomo penipeni ndi nyundo yake, kuti chilombo chikauka chipeze iyeyo, osati ife. Anapukuta dzanja pa kabudula, n'kulilowetsa m'sokosi, n'kukhalitsa momwemo ngati akusankha tomato.

20.

Tinakuwa mpaka amayi ake a Chanda anasuzumira pazenera. Chanda anafotokoza mmene nyundo inagwera pachibwano, mano akuuluka, nyumba ikugwedezeka. Masauso anaseka. Kuseka kwenikweni, kooneka mano onse, kumene sitinakuone chipachikire pepala lija pageti. Ndinadziuza chamumtima kuti, Tisa mwana wa amayi, ndiwe katswiri.

Koma zilombo za Chanda sizifa ndi nyundo imodzi.

"Chauka," anatero. Kenako anatambasula dzanja. "Leta sokosi."

Masauso anamupatsa.

Zaka ziwiri ndakhala patebulopo. Ndaziona ndi maso anga kosawerengeka. Koma Lachisanu lonse ndikupenta, ndikuyanika, ndikudzitama, sizinandibwerere m'mutu kuti chilombo nachonso chimapisa m'sokosi lomwelo.

19. Mchira unamenya Dzimbiri pachifuwa. Masauso anali ndi timizere khumi ndi tiwiri. Anadula tinayi.

Ndikudziwa mukufunsa kuti, bwanji sunalankhule pomwepo? Ndikanatha. Koma ndinawerengera mumtima: ife tili atatu, icho chili chokha, tichimaliza chisanatimalize. Wotchova juga aliyense amamira ndi masamu omwewo.

Tinamenyanso, tonse atatu, palibe wophonya. Chanda anapisa: 18. Timizere tinayi tina.

"Awe shuwa," anatero Mapalo. "Ichi chinthu sichiphonyako olo kamozi?"

Tinamenya kachitatu. Chanda anati chilombo chikudzandira, magazi akuda ali ponseponse, moto wa kukhosi ukuzima. Kunatsala kumenya kumodzi kokha. Anakhutchumula sokosi nthawi yaitali, ndipo ndikulumbira kuti milomo yake inkagwedezeka. Chanda, munthu wopanda chifundo uja, ankapempherera nambala yaing'ono. M'sokosimo munalibe.

20. Pa malamulo athu, 20 amadula kawiri. Timizere tisanu ndi titatu. Dzimbiri anali ndi tinayi.

Kutali kunkamveka jenereta ya pa butchala.

Mapalo ndiye anayamba. "Imani. Kuchokela pamene tayamba, ndani waonako nambala ya pansi pa 17?"

Chanda anagwira sokosi kumapeto n'kulikhuthulira pamapu. Anatembenuza zitsekerero chimodzichimodzi. 20. 20. 17. 20. Sanafunse kuti wachita ndani. Mitu itatu inangotembenukira kwa ine, ngati nkhuku zikamva chimanga.

"Koma penti nayesako, ka?" ndinatero. Palibe anaseka. Anthu opanda ulemu pa luso.

Pamenepo Chanda anathyola lamulo lake, ine ndikumva ndi makutu angawa. "Tibwezele. Iyi siibelengeka. Tisa, leta vakale."

"Vili mu ngalande."

"Ngalande iti?"

"Ya kumsika."

Chanda anatseka maso. Mapalo anali atayamba kale kung'amba pepala m'kope lake kuti tilembe manambala atsopano. Masauso anamugwira dzanja.

"Siya."

"Iwe Sauso, ni ma miniti asanu chabe."

"Siya, nakamba. Chaka chatha munthu wako woyamba anamila mu mtsinje. Tinabwezela? Unalila, koma sitinabwezele."

"Paja sokosi yenze yabwino!"

"Nanga manje nikapambana, nizaziba bwanji kuti napambana? Imwe monse muzankala mupempherela, Chanda azachepesa mano a chilombo. Nizakwela lole na chinthu chamene mwanipasa monga vovala vakale va salaula."

Kenako anatembenukira kwa ine. Sanakweze mawu. Bola akanakweza.

"Iwe Tisa, ku fakitale banalemba chabe maina. Batate sibanapise kwanja mu chinthu chilichonse. Kumunzi sibananifunse. Pano peka ndiye pamene nenze kuzitolela neka. Olo 2, enze wanga."

Ndinayang'ana nyerere imene inkadutsa pamapu. Inali nyerere yosangalatsa kwambiri.

Kuseri kwa mpanda kunamveka mawu a amayi ake a Masauso, akumuitana kuti wogula kabati wafika, abwere adzanyamule. Masauso anaimirira. Anaima pang'ono, akuyang'ana mapu.

"Chanda. Wagwela kuti?"

"Pa chiseko."

"Kunja olo mukati?"

Ine ndinali pafupi, ndipo ndinaona bwinobwino. Batani la Dzimbiri linali kunja kwa mzere wa khoma. Kunja kwenikweni, mpata wa chala chathunthu. Chanda analiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatambasula dzanja ngati akuchotsa fumbi pamapu, n'kulikankha ndi chala chaching'ono.

"Mukati," anatero. "Wagwa chafufumimba, mutu pafupi na ng'anjo. Kwanja yagwila chisulo chake chosulilapo."

Masauso anagwedeza mutu. "Chabwino."

Tili ndi mwambo. Munthu akafa, pepala lake sitisunga. Timakapereka kwa amayi ake a Chanda kuti ayatsire mbaula, chifukwa pakhomo paja palibe chimatayidwa. Masauso anakapereka yekha. Pepala la zaka ziwiri, lofewa ngati nsalu, lomatidwa ndi selotepu m'makwinya.

"Wafa ndani lelo?" anafunsa iwo, akusanja malasha.

"Dzimbiri, bamayo."

"Uja wosula? Mayo ine. Enze mwana wa ulemu uja. Wafikako kwao?"

"Wafikako."

"Ndiye bwino." Anayatsa machesi. Pamwamba pake anatereka nyemba.

Mlungu wonse ndakhala ndikuzitembenuza m'mutu, ngakhale m'kalasi ya sayansi, ndipo ndapeza pamene ndinalakwitsa masamu. Masamu, ndikutero, osati khalidwe.

Ndinkayesa manambala aang'ono ndi adani athu. 3 uja anandigwetsa padenga la mfumu buluku lili m'manja. 1 uja anathyola uta wa Mapalo. Ndinaiwala kuti 3 yemweyo amagweranso chilombo. Zaka ziwiri zonsezi sitinapulumuke chifukwa tinali amphamvu, ayi. Zilombo zinkaphonya. Ukachotsa kuphonya kwa onse, amene amatsala ndi wa mano aakulu.

Nanga ku komboni kuno timakhala ndi moyo bwanji, ngati si choncho?

Madzi a mvula alowa m'nyumba ya aneba, pakhomo panu aima pa sitepe. Kolera wadutsa mzere wa nyumba zakumbuyo, wanu waudumpha. Tsiku limene akuthamangitsa ogulitsa mumsewu ndi lomwe amayi anu anadzuka ndi mutu osapitako. Pepala la pageti lili ndi dzina la atate a mnzako, la atate ako palibe. Sitimapambana ife. Timangophonyedwa. Akuluakulu amati chisomo, ndipo sindikutsutsa, koma chisomo chimenecho chimafanana kwambiri ndi chilombo chotulutsa 4.

Masiku ano chilombo chasiya kuphonya. Malaiti akapisa dzanja, 19. Mvula ikapisa, 18. Ntchito, 20. Paja amati mvula ikakuona litsiro sikata. Manambala akula paliponse, pathumba la unga, pa minibasi, pa kapulasitiki ka malasha, ndipo akutiuza kuti tisadandaule chifukwa athunso akwera. Zoona. Nafenso tinkatulutsa 18 Loweruka lija, tikuvina kuzungulira tebulo.

Atate anga amagwira ntchito mumsewu womwewo wa mafakitale, geti lachitatu kuchokera pamene ankagwira atate ake a Masauso. Masiku awo anayamba kale kudulidwa. Chaona mnzako chapita. Mbali yotsalayo mukuidziwa, sindiimaliza.

Pa mkangano uja wa kubera ndi kusabera, patebulo pathu pang'ambika. Mapalo akuti kuyambira tsopano mwini nkhani azipulumutsa anthu, imfa tili nazo zokwanira kunja kuno. Chanda akuti lamulo silinasinthe, ndipo akukana kwamtuwagalu kuti anakankha batani. Akuti linatsetsereka lokha. Pa tebulo lathyathyathya, Chanda? Lokha?

Ine maganizo anga ndi awa. Tsiku lija patebulopo panali mbala ziwiri. Ina inaba zitsekerero makumi awiri n'kupha munthu. Inayo inaba mpata wa chala chimodzi n'kumulowetsa m'nyumba mwake. Ndiye phunziro silakuti tisiye kuba. Phunziro n'lakuti uzidziwa kukula kwa chimene ukuba, ndi nthawi yake. Zimandiwawa kuvomera kuti Chanda, mlonda wa pageti uja, wandiposa pa ntchito yanga yomwe, koma wandiposa.

Lamlungu m'mawa ndinapita kukaperekeza. Lole inali itaima pamsewu waukulu chifukwa m'timisewu tathu singalowe. Matiresi, mbaula, mabeseni atatu a kufakitale kuja, ndi mpando umodzi. Nyumba yonse ya zaka zonsezi sinadzaze ngakhale theka la lole. Chanda ankandigunda ndi chigongono kuti ndinene mawu aja opepesa. Mapalo ankanditsina.

Ndinayandikira. Masauso anali atakwera kale, atakhala pamatiresi.

"Sauso," ndinatero, "koma 20 uja unamenya bwino."

Anandiyang'ana. Pakamwa pake panagwedezeka pang'ono, sindikudziwa ngati kunali kuseka.

"Enze wako uja, Tisa. Si wanga."

Dalaivala analiza injini. Fumbi la Chawama linachita zotsalazo.

Ena mwa inu mulemba kundiuza kuti ndilibe mtima, ndikanagwada. Kukanakhala kuti mawu akuti pepani amatsitsa matiresi pa lole, ndikanagwada pamsewu pomwepo, ndi zovala za Lamlungu zomwe, mpaka maondo kutuluka magazi. Koma satsitsa. Amangopepuza wopepesayo, ndipo ine sindikufuna kupepukidwa. Chimene ndinamulanda ndikuchidziwa, ndipo ndichinyamula ndekha, ndikuseka, monga ndimanyamulira zina zonse.

Ine zanga ndavomera pano, poyera, dzina langa ndalitchula. Koma sokosi lalikulu lija, limene atate ake a Masauso sanaloledwe n'komwe kupisamo dzanja, analisintha ndani? Ndipo iyeyo avomera liti?